Kompyuta Ikayamba Kuchedwa, Musathamangire Kuifomata

Mu Zomba muno, kompyuta ya pakhomo ikayamba kuchedwa, mankhwala amene ambiri amawadziwa ndi amodzi: kuifomata. Mumaitengera kwa wokonza m'tauni, iye n'kufufuta zonse, n'kuikamo Windows mwatsopano, inu n'kulipira. Mubwerera nayo kunyumba ikuthamanga bwino. Pakangotha miyezi iwiri kapena itatu yayambiranso. Mukaiyatsa mumatha kukateleka madzi a tiyi n'kubwerako isanamalize kutsegula, mukadina Word kachizindikiro kaja kangozungulira, mukalemba zilembo zimatuluka mochedwa.

Vuto likamabwerera chonchi ndiye kuti gwero lake silinakhudzidwe. Kufomata sikuchotsa fumbi limene latseka fani. Hard disk yotopa imakhalabe yotopa, RAM (malo amene kompyuta imaikapo zimene ikugwira pa nthawiyo) yochepa imakhalabe yochepa, ndipo fulashi imene inabweretsa vairasi ija ikadali m'thumba mwanu. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti pofomatapo anthu amataya zithunzi za ukwati, maripoti a kuntchito, ngakhale kafukufuku wa mwana wa ku yunivesite, pamene vuto linali loti likanatha ndi kaburashi basi.

Kompyuta imadziwa yokha pamene yatsamwa, ndipo imakuuzani mukaifunsa.

Yambani ndi kuyang'ana

Pa nthawi imene ikuchedwayo, osati itayamba kuyenda bwino, dinani pamodzi mabatani atatu awa: Ctrl, Shift ndi Esc. Patseguka Task Manager. Ngati pa Windows 10 yatseguka kakang'ono, dinani More details pansi pake. Muona mndandanda wa mapulogalamu amene akugwira ntchito, ndipo pamwamba pali mitu inayi yofunika: CPU (ubongo wa kompyuta), Memory (ndiyo RAM ija), Disk ndi Network, uliwonse uli ndi peresenti yake. Mukadina pa mutu, pulogalamu imene ikudya kwambiri imakwera pamwamba.

Musangoyang'ana kamodzi n'kutseka. Khalani nayo mphindi zisanu kapena khumi, mukutsegula zimene mumatsegula masiku onse, muone nambala imene ikukwera n'kukhazikika pamwamba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nambala imene yakakamira pafupi ndi 100 ndi imene ikuuzeni koyambira.

Kenako pitani pa Performance, dinani CPU, muyang'ane pamene palembedwa Up time. Ambiri amadabwa kuona kuti kompyuta yawo yakhala masiku ambirimbiri osapuma, chonsecho amaizima usiku uliwonse. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira pa Windows 8 muli chinthu chotchedwa Fast Startup. Mukadina Shut down, Windows imasunga mbali ya zimene zinali m'kati kuti mawa idzayake msanga, ndiye zosokonekera za dzulo imadzuka nazo. Restart ndiye amayambitsa zonse mwatsopano. Choncho musanachite china chilichonse, dinani Restart, ndipo muzizolowera kutero kamodzi pa sabata. Amene amangotseka chivindikiro cha laputopu n'kuiponya m'chikwama, izi zikukukhudzani kwambiri.

Ngati Disk yaima pa 100

Apa ndi pamene pagona vuto la makompyuta ambiri a m'makomo mwathu, chifukwa ambiri tinagula malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito kunja, ndipo ochuluka a iwo anabwera ndi hard disk ya mtundu wakale. Pa Performance pomwepo, mukadina Disk, Windows ya masiku ano imalemba ngati muli ndi HDD (hard disk yakale ija) kapena SSD (disiki ya mtundu watsopano).

M'kati mwa HDD muli timbale tozungulira, m'malaputopu ambiri maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayendayenda kusaka pamene pali fayilo. Ikamawerenga fayilo imodzi yaikulu imafika pafupifupi 100 MB pa sekondi, koma Windows 10 ndi 11 zimafuna timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri nthawi imodzi, ndipo kamkono kamodzi kaja sikangakwanitse. SSD ilibe choyenda m'kati. Ya mtundu wa SATA imafika cha m'ma 500 MB pa sekondi, ndipo pa timafayilo tating'ono imaposa HDD kutalitali.

Mukangoyatsa kompyuta ya HDD, si zachilendo kuti Disk ikhale pa 100 kwa mphindi zingapo, chifukwa Windows imakhala ikufufuza mavairasi ndi kuyang'ana zatsopano. Ipatseni mpata, musadine zinthu zisanu nthawi imodzi poipsa mtima, mumangoonjezera mzere. Koma ngati yakhala theka la ola ili pomwepo, pali zinthu ziwiri zoti muone.

Choyamba ndi mapulogalamu odziyatsa okha. Mu Task Manager pitani pa Startup, kapena Startup apps pa Windows 11. Mupeza mapulogalamu amene amadzuka limodzi ndi kompyuta ngakhale simunawaitane: a nyimbo, a misonkhano ya pa intaneti, odawunilodera zinthu, a pulinta imene munasiya kalekale. Dinani lililonse losafunika, kenako Disable. Simunalichotse, mukalifuna mudzalitsegula nokha. Zokhudza Windows Security, mawu ndi touchpad zisiyeni mmene zilili. Mapulogalamu amene simukuwagwiritsanso ntchito n'komwe achotseni kudzera ku Settings, pa Apps.

Chachiwiri ndi thanzi la disiki yeniyeniyo. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo kamene kamawerenga zimene disiki imalemba zokhudza iyo yokha, n'kukuuzani kuti Good, Caution kapena Bad. Mukaona Caution kapena Bad, kapena mukamamva kaphokoso kogogoda mobwerezabwereza m'kati, kapena foda ina ikamafiriza kompyuta yonse mukaitsegula, siyani zina zonse. Koperani mafayilo anu ofunika kupita nawo kwina lero lomwe, kuyambira ndi amene simungawapezenso. Musachite defragment (kusanjanso mafayilo pa disiki), musafomate, musaiyese ndi mapulogalamu ena, chifukwa disiki yodwala ikagwiritsidwa ntchito yolemetsa imatha kufera pomwepo. Ndipo kusunga zinthu pa D: si kupulumutsa ayi. Nthawi zambiri C: ndi D: ndi zigawo za disiki imodzi, ikafa zimapitira limodzi.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi osabisa: ngati laputopu yanu ili ndi HDD ndipo muli ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, gulani SSD. Ya 240 kapena 256 GB ndi yokwanira Windows, Office ndi zolemba za banja lonse. Ndalama imene imapita pofomatitsa kawirikawiri ndi bwino kuisunga kuti ithandize pamenepa. Malaputopu akale ambiri amalandira SSD ya mainchesi 2.5 imene imalowa pamalo pomwe panali HDD, pamene atsopanoko amafuna kakang'ono kotalika kotchedwa M.2, choncho onetsetsani kaye mtundu wa yanu musanagule. Pogula, pemphani kuti aitsegule mu CrystalDiskInfo muone Power On Hours. Yatsopano siyenera kusonyeza maola mazanamazana. HDD yakaleyo, ngati ikadali Good, igulireni kabokosi ka USB muzisungiramo mafilimu ndi makope a zinthu zanu. Musaisiye kwa wokonza, muli zinthu zanu.

SSD siifuna defragment. Windows imaisamalira yokha kudzera pa Optimize Drives.

Disiki yodzaza

Tsegulani This PC. Mzere wa C: ukafiira ndiye kuti malo otsala achepera gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo Windows ikusowa popumira. Pitani ku Settings, System, Storage, kenako Temporary files, muchotse zosafunika. Samalani ndi bokosi la Downloads pa mndandandawo, mukalichonga zonse zimene munadawuniloda zipita. Khuthulaninso Recycle Bin. Koma kunena zoona, chimene chimadzaza makompyuta athu si zinyalala za Windows. Ndi mafilimu a zigawozigawo amene tinakopera kwa anzathu n'kuonera kalekale, mavidiyo a zinkhoswe ndi makwaya, ndi zithunzi za m'foni zokopedwa katatu m'mafoda osiyana. Samutsani zimenezi. Siyani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu lili lopanda kanthu. M'foda ya Windows ndi ya Program Files musafufutemo kanthu ndi manja.

Ngati Memory yadutsa 85

Malaputopu ambiri otsika mtengo ali ndi RAM ya 4 GB, imene ndi malire enieni apansi a Windows 11. Windows yokha imatenga mbali yaikulu, ndiye mukatsegula Chrome ndi masamba khumi, kuonjezapo WhatsApp ndi Word, yatha. RAM ikadzaza, Windows imayamba kubwereka malo pa disiki, ndipo ngati disikiyo ndi HDD muona Disk nayo yakwera pa 100. Ndiye yang'anani nambala ziwirizi pamodzi. Ngati Disk imakwera pokhapokha Memory ikadzaza, vuto lenileni ndi RAM.

Chosafuna ndalama ndi kutseka masamba amene simukuwawerenga, kuyatsa Memory Saver mu Chrome pa Settings, Performance, ndi kuchotsa ma extension amene simukudziwa kuti analowa liti. Chofuna ndalama ndi kuonjezera RAM kufika 8 GB. Mu Task Manager, pa Memory, pali mzere wa Slots used. Ikalemba 1 of 2 ndiye kuti mwina pali malo ena, ngakhale ndi bwino kutsegula n'kuona ndi maso chifukwa malaputopu ena RAM yawo ndi yomatiriridwa. RAM ya mtundu wa DDR3 ndi ya DDR4 sizilowana, kampata kake kali pamalo osiyana, ndipo malaputopu ena amafuna DDR3L yeniyeni. Tengani laputopuyo kogulako, aiyese muli pompo. Onaninso ku Settings, System, About kuti Windows yanu ndi ya 64-bit, chifukwa ya 32-bit siingagwiritse ntchito RAM yoposa 4 GB ngakhale mutaikamo yambiri.

Imayamba bwino, kenako n'kufooka

Ichi ndi chizindikiro cha kutentha, ndipo kwathu kuno chimaoneka kwambiri mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe. M'mawa kompyuta ikuyenda bwino, pakatha mphindi makumi awiri kapena atatu fani yayamba kulira, pansi pake patentha, vidiyo ikudukaduka, nthawi zina n'kuzima yokha osatsanzika. CPU ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Palibe pulogalamu imene ingathetse zimenezi.

Ikani dzanja pamene mpweya umatulukira. Ngati fani ikulira kwambiri koma mpweya ukutuluka wochepa, njira yatsekeka. Amene timakhala ku Chikanda, Matawale, Chinamwali, Sadzi ndi madera ena a misewu ya fumbi tikudziwa mmene tebulo limaonekera madzulo m'chilimwe ngakhale linapukutidwa m'mawa. Fumbi lomwelo fani imalikoka tsiku lonse. Likasakanikirana ndi utsi wa mbaula ndi ulusi wa mabulangete, limaumbana n'kukhala kansanza kokhuthala pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsa kutentha.

Poyeretsa, zimani kompyuta, zulani tchaja, ndipo ngati batire ndi lochotseka lichotseni. Pukutani mipata ya mpweya ndi kaburashi kofewa kouma. Ngati muli ndi chopemerera mpweya, gwirani fani ndi kamtengo kakang'ono kuti isazungulire pamene mukupemerera, chifukwa ikazungulira mopyola muyeso imawonongeka. Musauzire ndi pakamwa, mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi. Musagwiritsenso ntchito choumitsira tsitsi chotentha. Kansanza kam'kati kaja kawirikawiri sikachoka mpaka laputopu itatsegulidwa, ndipo ngati simunatsegulepo ndi bwino kupita kwa wodziwa, chifukwa timawaya ta kiyibodi ndi touchpad timaduka msanga. Mukapita, nenani mwachindunji kuti mukufuna ayeretse fani ndi kusintha thermal paste, phala lotuwa limene limakhala pakati pa CPU ndi chitsulo choziziritsa. Limauma pakapita zaka. Pasapakidwe mankhwala otsukira mano kapena girizi m'malo mwake, ndipo pemphani kuona kachubu kake.

Nthawi yabwino yochita zimenezi ndi kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, kutentha kusanafike pachimake. Kompyuta ya patebulo imene bokosi lake lili pansi, ikwezeni pamwamba, pansi ndi pamene fumbi limachuluka.

Ana a sukulu, makamaka inu okhala m'manyumba a lendi pafupi ndi yunivesite kumene m'chipinda mulibe tebulo: laputopu pa matiresi kapena pa bulangete imatsekeka mphuno. Ikani pansi pake kathabwa, thireyi, ngakhale buku lalikulu lachikuto cholimba, ndipo kumbuyo kwake mukweze pang'ono. Musamadyerenso pa kiyibodi. Nyenyeswa za buledi ndi shuga zimaitana nyerere ndi mphemvu, zimene zimakonda kale malo ofunda, ndipo zikalowa zimawononga bolodi. Nyengo ya mvula, ndiponso mu Juni ndi Julayi chifunga chikamatsika m'phiri, musaisiye milungu yambiri m'chikwama chonyowa kapena m'kabati yoguma khoma la chinyezi. Muziiyatsako.

Tchaja imene si yake

Ili ndi vuto limene ambiri saliganizira. Pa Performance, CPU, pali mzere wa Speed. Ngati mukugwira ntchito koma nambala yakakamira pansi pa 1 GHz osakwera, ndipo laputopu si yotentha, kayikirani tchaja. Malaputopu a Dell makamaka amafunsa tchaja kuti ndi ya mphamvu yanji kudzera pa kasingano kapakati pa pulagi yake. Kasinganoko kakathyoka, kapena tchaja ikakhala yachinyengo kapena yochepa mphamvu, laputopu imachepetsa liwiro ndipo nthawi zina imakana kutchaja batire. Kawirikawiri imachenjeza poyaka, ife n'kungodina F1 osawerenga. Ma HP ambiri nawonso ali ndi kasingano kotere. Yesani kuzula tchaja muone ngati Speed ikwera pa batire, kapena bwerekani tchaja yeniyeni ya mtundu womwewo. Pogula ina, werengani pansi pa laputopu kapena pa tchaja yakale kuti ndi ya mavoti angati ndi mawati angati. Ngati inabwera ndi ya 65 W, ya 45 W ingathe kuichedwetsa.

Onaninso kuti simunaisiye pa Battery saver kapena Best power efficiency. Ndipo batire likatupa, moti touchpad yatukuka kapena chivindikiro sichikutsekeka bwino, lichotsedwe msanga, lingathe kuyaka moto.

Magetsi

Kompyuta ya patebulo, ndiponso laputopu ya batire lakufa, imazima mwadzidzidzi magetsi akathima. Ngati pa nthawiyo inali kulemba pa disiki, mafayilo amatha kuwonongeka, ena a iwo a Windows yeniyeniyo, ndipo pambuyo pake imayamba kuchedwa kapena kufiriza. Mukaiyatsa n'kulemba kuti Scanning and repairing drive, isiyeni imalize, musaizime. Ngati ikuchitabe zachilendo, sakani Command Prompt, dinani Run as administrator, lembani sfc /scannow n'kudina Enter. Imafufuza mafayilo a Windows n'kukonza owonongeka.

Batire latsopano la laputopu, kapena UPS (bokosi la batire losunga magetsi) ya kompyuta ya patebulo, ntchito yake yaikulu ndi kukupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito n'kuzima bwino. Magetsi akathima zulani pulagi kukhoma, ndipo akabwera dikirani pang'ono akhazikike. Mvula ya mabingu ikayamba, ndipo pansi pa phiri pano imabwera mwamphamvu, zulani zonse. Adaputala yoteteza ku kukwera kwa magetsi imathandiza pa zing'onozing'ono, koma mphenzi siingailetse.

Fulashi yochokera kopulinta

Kalata ya ntchito, asainimenti, pulogalamu ya ukwati kapena ya maliro, zonsezi timakapulinta m'mashopu, pa kompyuta imene pa tsiku imalandira mafulashi a anthu ambiri. Mukabwerako mumapeza mafoda anu asanduka ma shortcut okhala ndi kamuvi pakona, kapena asowa chonsecho fulashi ikuonetsa kuti ndi yodzaza. Musadine ma shortcut amenewo. Kudinako ndi kumene kumalowetsa vairasi mu kompyuta yanu, ndipo ikalowa imadziyatsa nthawi zonse n'kumaipitsa fulashi iliyonse imene mwalowetsa.

Mafayilo anu nthawi zambiri amakhala alipo, angobisidwa. Yambani ndi kufufuza fulashiyo: dinani kumanja kwa mausi pa dzina lake, musankhe kuisikana ndi Microsoft Defender, pulogalamu ya Windows yolimbana ndi mavairasi. Kenako tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* koma m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda obisika abwerera. Koperani mafayilo enieni okhawo amene mukuwadziwa, kenako fomatani fulashiyo. Pa kompyuta yeniyeniyo pitani ku Windows Security, Virus & threat protection, Scan options, musankhe Microsoft Defender Offline scan. Idzazima n'kuyakanso, n'kufufuza Windows isanadzuke, pamene vairasi ilibe mpata wobisala. Zimatenga pafupifupi mphindi 15.

Njira yopewera ndi yapafupi. Sandutsani chikalatacho kukhala PDF, mutumize kwa wopulintayo pa WhatsApp kapena pa imelo. Ngati fulashi ndi yosapeweka, khalani ndi imodzi ya ntchito imeneyo yokha, yopanda china chilichonse chofunika.

Pa za mapulogalamu oteteza, Defender imene imabwera ndi Windows 10 ndi 11 ndi yokwanira pakhomo bola izilandira zatsopano. Kuika ena awiri kapena atatu pamwamba pake, ena oti nthawi yawo yaulere inatha kale, kumangolemetsa kompyuta chifukwa onse amalimbirana fayilo imodzi. Chotsani, mutsale ndi imodzi. Chimodzimodzi mapulogalamu olonjeza kuthamangitsa kompyuta, kutsuka registry kapena kusaka ma driver: ambiri amangokuopsezani ndi manambala ofiira kuti mulipire, uku akudya RAM yomwe ija.

Palinso nkhani imene sitikonda kuikamba, ya mapulogalamu obedwa ndi tizida totsegulira Windows ndi Office mwachinyengo. Kuti tilowe, amakuuzani kuti muzime kaye Defender, ndipo nthawi zina timabwera ndi zinthu zobisika zimene zimagwiritsa ntchito kompyuta yanu kupangira ena ndalama za pa intaneti kapena kuba mapasiwedi. Chizindikiro chake ndi CPU yokwera ndi fani yolira pamene simukuchita kanthu. Ndikumvetsa kuti mitengo ya mapulogalamu enieni ndi yowawa kwa ambiri a ife. Koma pa kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama, LibreOffice ndi yaulere mwalamulo ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Pa mafilimu VLC ndi yaulerenso.

Timauthenga totulukira pakona tonena kuti kompyuta yanu ili ndi mavairasi, nthawi zambiri si vairasi. Ndi tsamba lina limene munalidinira Allow. Mu Chrome pitani ku Settings, Privacy and security, Site settings, Notifications, muchotse masamba onse osawadziwa.

Ma update ndi bandulo

Ambiri timalumikiza kompyuta ku intaneti kudzera pa foni kapena ka MiFi, ndipo Windows ikangoona netiweki imayamba kudawuniloda zake. Bandulo ithera panjira, update yatsala theka, mawa iyambiranso. Pamenepa intaneti imaoneka yochedwa, kompyuta nayo yolemedwa. Ena amafika potseka ma update onse, zimene zimasiya khomo lotsegula kwa mavairasi.

Chabwino ndi kuuza Windows kuti intaneti yanu ndi yogula moyeza. Pitani ku Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la netiweki yanu, muyatse Metered connection. Ikatero imadziletsa pa zambiri. Ndiye musankhe tsiku limodzi pa mwezi, pamene muli ndi bandulo yokwanira kapena Wi-Fi yodalirika, ndiponso magetsi alipo, mutsegule Windows Update muisiye imalize mpaka Restart. Microsoft imatulutsa ma update akuluakulu a chitetezo Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, choncho pakati pa mwezi ndi nthawi yabwino. Ikamalemba kuti musazime kompyuta, musazimedi. Ngati OneDrive ikukweza zithunzi zanu zonse pa intaneti inu osafuna, iimitseni pa kachizindikiro ka mtambo pafupi ndi wotchi.

Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kati mwa kompyuta) ndi CPU yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula ochepa. Alipo okonza amene amaikakamiza pa makompyuta akale. Imalowa ndithu, koma pa laputopu ya HDD ndi RAM ya 4 GB mudzangoonjezera kuchedwa. Kompyuta yakale imene ntchito yake ndi intaneti, kulemba ndi kuonera mavidiyo imapepukidwa ndi Linux Mint, yomwe imaikidwa m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, maonekedwe ake sali kutali ndi Windows, ndipo vairasi ya ma shortcut ija siigwira ntchito mmenemo. Mungathe kuiyesa kuchokera pa fulashi musanaiike. Koma ngati mumadalira pulogalamu ya kuntchito kapena ya kusukulu imene imayenda pa Windows pokha, funsani kaye.

Nanga kufomata?

Kuli ndi nthawi yake: vairasi ikakana kuchoka ngakhale mwachita Offline scan, Windows ikawonongeka moti sfc yalephera, kapena pamene mukuika SSD yatsopano. Musanatero koperani Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads pa disiki ina, mutsegule mafayilo angapo kumeneko kuti mutsimikize kuti akopedwadi, ndipo mulembe mapasiwedi a imelo amene Chrome inkakukumbukirani. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, pezani kaye kiyi yake ya manambala 48 mu akaunti yanu ya Microsoft. Windows ili ndi njira yakeyake, Reset this PC, pansi pa Recovery mu Settings, ndipo ili ndi mwayi wa Keep my files, ngakhale mapulogalamu anu adzachoka.

Mukaganiza zopita nayo kwa wokonza, musangonena kuti ikuchedwa. Muuzeni zimene mwaona: Disk imakhala pa 100, kapena imafooka ikatentha, kapena Speed siidutsa 1 GHz, kapena CrystalDiskInfo yalemba Caution. Tengani ndi tchaja yomwe. Gwirizanani asanayambe kuti safufuta kanthu osakufunsani, lembani kukula kwa RAM ndi disiki yanu musanaisiye, ndipo pokaitenga tsegulani Task Manager pompo muone ngati nambala ija yatsika musanalipire.